Chaka chimodzi ndi seva ya NFS mu situdiyo yathu ku Mzuzu: zimene ndayamikira ndi zimene zikundidetsabe nkhawa

Papita chaka chimodzi tsopano chikhazikitsireni seva yosungira mafayilo mu situdiyo yathu yojambula zithunzi ndi makanema kuno ku Mzuzu, ndipo popeza anzanga angapo ochita ntchito ngati yathu akhala akundifunsa ngati ndalama zimene tinawononga zinapita pa chinthu chaphindu, ndaganiza zolemba maganizo anga onse pamalo amodzi. Ndikuunika zinthu ziwiri zimene sizingasiyanitsidwe kwenikweni. Choyamba ndi njira yogawana mafayilo yotchedwa NFS monga momwe imagwirira ntchito mkati mwa Linux, dongosolo loyendetsera kompyuta lofanana ntchito ndi Windows, ndipo chachiwiri ndi ntchito ya mmisiri wa makompyuta amene anatikonzera zonsezi, yemwe dzina lake sindilitchula.

Mu situdiyomu timagwira ntchito anthu anayi, ndipo ntchito yathu yaikulu ndi maukwati, zinkhoswe ndi miyambo ya omaliza maphunziro. Kale kanema wa ukwati umodzi ankayenda pa flashi kapena pa diski ya m'manja kuchoka pa kompyuta ya wodula kanema kupita kwa wokonza mitundu, kenako kwa ine, ndipo pofika Lachisanu pamakhala mafayilo atatu a dzina limodzi, popanda wodziwa kuti womaliza ndi uti. Tsiku lina tinapereka kwa eni ukwati kanema amene munalibe gawo la perekaniperekani, pamene kanema wathunthu anali pa flashi m'thumba la jekete la mnzathu amene anali atakwera kale minibasi ya ku Ekwendeni. Manyazi a tsiku limenelo ndi amene anandichititsa kufunafuna mmisiri.

Ine ndinkaganiza kuti atiuza kuti tizisunga zonse pa intaneti, koma iye atangomva kuti ukwati umodzi umatha kudzaza magigabayiti 50 kapena kuposa, anapukusa mutu n'kunena kuti, "Bambo, bandulo yake mudzagulitsa kamera." Malangizo ake anali akuti titenge kompyuta imodzi imene tinali nayo kale, tiikemo madiski awiri aakulu amene azikopera okha zonse zolembedwa pa linzake, tiikemo Debian 12, mtundu wa Linux umene unatuluka mu Juni 2023, ndipo makompyuta enawo azilumikizana nayo kudzera pa nthambo. Makompyuta athu atatu anali kale pa Linux chifukwa timadula makanema ndi Kdenlive ndipo zithunzi timakonza ndi darktable, choncho NFS inali njira yachidule kwa iye. Ntchito yoyala nthambo ndi kukonza seva inamutengera masiku awiri, ndipo pa ukhondo wa ntchito yake ndilibe chodandaula, pakuti nthambo zonse anazidutsitsa m'mbali mwa khoma ndipo iliyonse anailemba nambala kumapeto onse awiri.

Chimene chinandidabwitsa tsiku loyamba n'chakuti pa kompyuta yanga sipanaoneke chachilendo chilichonse. Panangobwera foda imodzi yatsopano, ndipo nditaitsegula ndinapeza maukwati onse a chaka chatha ngati kuti ali pa diski ya m'kompyuta yanga yomweyi. Mmisiri uja anandifotokozera chifukwa chake, ndipo pambuyo pake ndinawerenganso ndekha kuti ndimvetse bwino. Pulogalamu ngati Kdenlive silankhula ndi diski mwachindunji. Ikafuna kutsegula, kuwerenga kapena kulemba fayilo, imapempha kernel, imene ndi phata la Linux, gawo limene limalamulira madiski, RAM (malo osungira zinthu kwakanthawi, amene amafufutika magetsi akathima) ndi netiweki. Mkati mwa kernel muli gawo lotchedwa VFS, limene limalandira mapempho onse okhudza mafayilo n'kuona kumene fayiloyo ili. Ngati ili pa diski ya m'kompyutamo, pempho limapita kwa ext4 kapena dongosolo lina losanjira mafayilo pa diski. Ngati ili mu foda ya pa seva, pempho limapita kwa gawo la NFS la mu kernel momwemo, limene limalisandutsa uthenga n'kulitumiza pa nthambo. Pulogalamu imene inapemphayo sidziwa n'komwe kuti fayiloyo yachokera m'chipinda china, ndipo n'chifukwa chake sitinafunike kusintha pulogalamu iliyonse kapena kuphunzira kachitidwe katsopano.

NFS si chinthu chatsopano. Inapangidwa ndi kampani ya Sun Microsystems mu 1984, Linux yeniyeniyo isanabadwe, pakuti Linus Torvalds anayamba kernel yake mu 1991. Mtundu wachiwiri wa NFS unalembedwa poyera mu 1989, wachitatu mu 1995, ndipo wachinayi unatuluka koyamba mu 2000, kenako unawonjezeredwa mu 2010 ndi mu 2016 pamene kunabwera mitundu ya 4.1 ndi 4.2. Ife tili pa 4.2. Ubwino umodzi wa mtundu wachinayi umene ngakhale ine wosakhala katswiri ndinauona ndi wakuti zonse zimadutsa pa khomo limodzi la netiweki, la nambala 2049, pamene mtundu wachitatu umafuna timapulogalamu tina tothandizira, tina toyang'anira kulumikiza mafoda ndi tina toyang'anira maloko oletsa anthu awiri kusintha fayilo imodzi nthawi imodzi, tonse tili ndi makomo awoawo.

Kumbali ya seva nakonso ntchito imachitikira mkati mwa kernel. Mmisiri anandionetsa mndandanda wa zimene zikuyenda pa sevayo, ndipo panali mizere 8 ya dzina limodzi loti nfsd. Iye anati amenewo ndi antchito a kernel amene amakhala tcheru kudikira mapempho ochokera ku makompyuta athu, ndipo popeza ali mkati mwa kernel, amatenga zimene zafunidwa pa diski kapena mu RAM n'kuzipereka ku netiweki popanda kudutsira pa pulogalamu ina yapakati. Malamulo onse onena kuti foda iti igawidwe, kwa makompyuta ati, ndiponso ngati aloledwe kulemba kapena kungowerenga, ali mu kafayilo kamodzi kotchedwa /etc/exports, ndipo kathu kali ndi mizere iwiri yokha. Ndikuvomereza kuti nditaona kufupika kwake ndinadzifunsa mumtima ngati mmisiriyo sanandidulitse, koma miyezi yotsatira inandiphunzitsa kuti mawu ochepa a m'mizere imeneyo ndi amene amasiyanitsa kanema wopulumuka ndi kanema wowonongeka.

Pa liwiro ndine wokhutira. Netiweki yathu ndi ya gigabit, ndipo mafayilo aakulu amayenda pafupifupi mamegabayiti 110 pa sekondi, kutanthauza kuti ukwati wa magigabayiti 50 umalowa mu seva m'mphindi pafupifupi 8. Kudula kanema wa 1080p molunjika kuchokera pa seva kumatheka popanda kudodoma, ngakhale anthu awiri akugwira ntchito nthawi imodzi. Tikakhala atatu pa mafayilo olemera kwambiri, madiski ozungulira a mu seva amayamba kupuma movutikira, ndipo pamenepo vuto si NFS ayi, koma madiskiwo. Mwezi wachiwiri kompyuta imodzi inayamba kuchedwa modabwitsa, moti ntchito ya mphindi 8 inkatenga ola ndi mphindi zingapo, ndipo mnzathu amene amaigwiritsa ntchito anayamba kunena kuti bola flashi ija. Mmisiri atabwera analemba lamulo la ethtool, ndipo pa sikirini panaoneka kuti kompyutayo ikulankhula ndi switch, kabokosi kamene nthambo za makompyuta onse zimakumanirapo, pa liwiro la 100 m'malo mwa 1000, limene ndilo gigabit. Anatsatira nthambo mpaka kuseri kwa kabati, kumene anapeza kuti mwendo wa kabatiyo unali utaipsinja. Anandifotokozera kuti mu nthambo muli timawaya 8, ndipo gigabit imafuna tonse, pamene liwiro la 100 limangofuna 4, choncho kamodzi mwa timene liwiro la 100 silifuna kakaduka makina sadandaula, amangotsika mwakachetechete. Anadula mutu wa nthamboyo n'kuikapo wina, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Nkhani yaikulu, imene yandichititsa kulemba zonsezi, ndi ya magetsi. Aliyense wochita bizinesi kuno akudziwa kuti magetsi amatha kuthima nthawi iliyonse, makamaka m'nyengo ya mvula pamene ziphaliwali zachuluka. Pachiyambi makompyuta awiri odulira makanema anali ndi mabatire a UPS, koma seva ndi switch zinalibe, chifukwa ndalama zinali zitatha ndipo ndinaganiza kuti zimenezo zidikira. Masana ena mu Januwale mvula inabwera ndi mphepo, magetsi anaphethira kamodzi n'kuthima. Kompyuta yanga inakhalabe yoyaka chifukwa cha batire, koma Kdenlive inauma gwa. Mausi inkayenda, koma zenera la pulogalamuyo silinkayankha, ndipo nditayesa kutsegula foda ya pa seva, nalo zenera limenelo linauma. Ndinayesa kutseka pulogalamuyo mwaulemu, inakana. Ndinali nditagwira ntchito maola atatu pa kanema wa chinkhoswe, ndipo ndinali nditangodina posunga pamene magetsi ankathima. Ndinaimbira mmisiri uja mtima uli m'mwamba, chala changa chili kale pa batani lozimitsira kompyuta.

Iye anandiyankha modekha kuti, "Bambo, chotsani dzanja pamenepo, musazimitse. Kompyutayo sinafe ayi, ikudikira." Anandiuza kuti ndione uthenga wa kernel, ndipo ndinapezadi mzere wa Chingerezi wonena kuti seva sikuyankha koma kompyuta ikuyesabe. Mwamwayi magetsi anabwera patapita mphindi pafupifupi 10, batire lisanathe. Seva inayaka, inatenga kanthawi, ndipo ine ndikuyang'anitsitsa sikirini, mwadzidzidzi zenera lija linatsitsimuka, kusunga kuja kunamalizika, ndipo ntchito yanga yonse inalipo.

Kuuma kumeneku, kumene tsiku limenelo ndinakutenga ngati chilema chachikulu, ndi khalidwe limene anthu opanga NFS analisankha dala. Foda ya pa seva imatha kulumikizidwa m'njira ziwiri, zotchedwa hard ndi soft. Pa hard, imene ndiyo imakhalapo ngati simunasinthe kanthu, kernel ya kompyuta yanu imapitiriza kubwereza pempho lake mpaka seva itabwerera, kaya papite ola lathunthu, ndipo pulogalamu imene inapemphayo imagonekedwa mpaka yankho litafika. Pa soft, kernel imayesa kangapo kenako n'kuuza pulogalamu kuti zalephereka, ndipo zimene zichitike pambuyo pake zimadalira nzeru za pulogalamuyo. Mapulogalamu ambiri analembedwa poganiza kuti diski sichoka pamalo pake, choncho ena akalandira yankho lotere amasiya fayilo yolembedwa theka, kapenanso sakuuzani n'komwe kuti china chake chalakwika. Ndinamupempha mmisiri kuti atiikire soft kuti makompyuta asamaume, iye anakana, ndipo lero ndikuona kuti kukana kumeneko ndi chinthu chanzeru kwambiri chimene anatichitira. Ndi bwino kukhala mphindi 10 ukuyang'ana sikirini youma kusiyana ndi kuzindikira patatha sabata kuti kanema wa eni ake ali ndi chibowo pakati.

Palinso kadikiridwe kena kamene kamasokoneza munthu wosadziwa. Seva ikangoyaka kumene, mtundu wachinayi wa NFS umapereka nthawi yapadera, imene pa Linux imatha kufika masekondi 90, yoti makompyuta amene anali atatsegula kale mafayilo kapena kuwaika loko abwere kudzatenganso malo awo. M'nthawi imeneyi munthu wofuna kutsegula fayilo yatsopano amadikiritsidwa. Anzanga ankaganiza kuti seva yawonongeka chifukwa nyali zake zikuyaka koma mafayilo sakutseguka, ndipo wina anafika poizimitsa n'kuiyatsanso, zimene zinangoyambitsanso kudikirako. Panopa tinamata kapepala pa seva kolembedwa kuti aliyense adikire mphindi zitatu asanaigwire.

Pamene mmisiri analakwitsa, ndipo ndiyenera kunena mosabisa, ndi pa liwu limodzi la mu kafayilo ka malamulo kaja. Pofuna kuti tione liwiro labwino tsiku loyamba, iye analemba async m'malo mwa sync, ndipo sanandiuze tanthauzo lake, inenso sindinafunse, chikhalirecho akulu anati safunsa anadya phula. Kachitidwe koyenera, ka sync, n'kotere: kompyuta yanu imatumiza zolemba ku seva, seva imazisunga kaye mu RAM, koma kompyuta yanu imasungabe kope yake mpaka itatumiza pempho lotchedwa COMMIT ndi kulandira chitsimikizo chakuti zonse zafikadi pa diski. Seva ikathima chitsimikizocho chisanabwere, kompyuta yanu imazindikira kuti seva yayambanso ndipo imatumizanso zimene inasunga zija. Koma pa async seva imayankha kuti yalemba pamene zinthuzo zidakali mu RAM, kompyuta yanu imakhulupirira n'kutaya kope yake, ndipo magetsi akathima m'kamphindi kameneko, zolembazo zimasowa kumbali zonse ziwiri popanda chenjezo lililonse.

Zimenezi zinatichitikira mu Febuluwale. Mnzathu anakopera zithunzi za ukwati kuchokera pa khadi la kamera, kompyuta inasonyeza kuti kukopera kwatha, ndipo masekondi ochepa pambuyo pake magetsi anathima. Titayatsanso, mayina a zithunzi zomalizira analipo, koma zina zinali zopanda kanthu mkati. Chimene chinatipulumutsa n'chakuti khadilo linali lisanafufutidwe. Nditamuuza mmisiri, sanadzikanire. Anabwera madzulo omwewo, anasintha liwu lija, ndipo anapepesa ponena kuti m'tauni imene magetsi amathima chonchi sanayenere kuika async pa seva yopanda batire. Kuchokera pamenepo kukopera timafayilo ting'onoting'ono tambirimbiri kumachedwerapo, pakuti seva imadikira diski nthawi iliyonse, koma pa makanema aakulu kusiyana kwake sindikuona n'komwe. Ndikulangiza aliyense wokonzeredwa seva yotere kuti atsegule yekha kafayiloko n'kuona kuti mwalembedwa liti mwa mawu awiriwa.

Mwezi womwewo tinagula UPS ya seva ndipo tinalumikizaponso switch, chifukwa seva yoyaka yopanda njira yolankhulira ndi makompyuta siithandiza aliyense. Mmisiri anaikamo pulogalamu ya Network UPS Tools, imene imauza seva kuti izizimitse yokha mwadongosolo batire likatsala pang'ono kutha. Anakonzanso kavuto ka m'mawa, kakuti magetsi akabwera makompyuta athu ankayaka msanga kuposa seva n'kulephera kupeza foda ija, ndipo tsopano foda imalumikizidwa pokhapokha munthu akaitsegula koyamba. Kuzizira kwa kuno m'miyezi ya Juni ndi Julayi, kumene kumatichititsa kugwira ntchito titavala majuzi, kwakhala kothandiza kwa madiskiwo, pakuti kachipinda ka seva kalibe chozizitsira mpweya.

Chimene chikundidetsabe nkhawa mpaka lero ndi nkhani ya chilolezo. M'kachitidwe kake kosavuta, kamene ndi kamene ife tili nako, NFS sifunsa dzina kapena mawu achinsinsi a munthu wotsegula fayilo. Munthu aliyense pa Linux ali ndi nambala yake yotchedwa UID, ndipo kompyuta yanu imangouza seva kuti wopemphayo ndi wa nambala yakuti, seva n'kukhulupirira. Tsono pa Debian ndi pa Ubuntu munthu woyamba kulembetsedwa pa kompyuta amapatsidwa nambala 1000, ndipo popeza aliyense wa ife anali woyamba pa kompyuta yake, kwa seva tonse atatu tinali munthu mmodzi. Ndinazindikira zimenezi pamene wophunzira ntchito wathu anatsegula foda imene ndimasungamo malisiti ndi mapangano a makasitomala, imene ndinkaganiza kuti ndi ine ndekha ndingaitsegule. Mnyamatayo analibe cholinga choipa, ankangofuna chithunzi cha chizindikiro cha situdiyo, koma ine ndinatuluka thukuta. Mmisiri anapatsa aliyense nambala yosiyana, yofanana pa makompyuta onse, ndipo anatipangira gulu limodzi la mafoda a ntchito. Komabe ndikuona kuti zimenezi anayenera kuzichita tsiku loyamba, osadikira kuti ndidandaule.

Ngakhale manambala akonzedwa, muzu wa vutoli udakalipo. Munthu amene ali ndi mphamvu za root, ndiye kuti za wolamulira wamkulu, pa kompyuta yololedwa ndi seva angathe kudzipatsa nambala ya wina aliyense. Pali chitetezo chotchedwa root_squash, chimene chimachititsa kuti root wa pa kompyuta ina aoneke kwa seva ngati munthu wopanda mphamvu wa nambala 65534, ndipo n'chothandiza, koma sichiletsa root yemweyo kudzisandutsa nambala yanga. Komanso zimene zikuyenda pa nthambo sizibisidwa. Njira yotsekera zibowo zimenezi ilipo, ndiyo kugwiritsa ntchito Kerberos, imene imatsimikiza kuti munthu ndi yemwe akunenayo ndipo imathanso kubisa uthenga wonse, koma imafuna seva yake ya makiyi, mawotchi a makompyuta onse ogwirizana, ndi munthu woiyang'anira. Kwa anthu anayi odziwana tinaona kuti ndi katundu wolemera. Tinangopatula netiweki ya seva kuti isakhudzane ndi Wi-Fi imene timapatsa makasitomala, ndipo khomo la 2049 silionekera ku intaneti. Sukulu kapena ofesi ya anthu ambiri, kumene aliyense angabwere ndi laputopu yake n'kulowetsa nthambo, isatengere chitsanzo chathu pa mbali imeneyi.

Pali tizinthu tina timene timakwiyitsa koma timazolowereka. Kuti isamafunse seva kalikonse nthawi iliyonse, kernel imakumbukira kwa kanthawi zimene inamva zokhudza mafayilo, kuyambira masekondi 3 mpaka 60 pa fayilo, ndi masekondi 30 mpaka 60 pa foda. Choncho mnzako amatha kukuuza kuti waika kale fayilo, iwe osaiona, mpaka mutatsala pang'ono kukangana, kenako n'kutulukira yokha. Lonjezo limene NFS imasunga ndi lakuti wina akatseka fayilo, amene aitsegule pambuyo pake apeza zonse zimene zinalembedwa, koma anthu awiri akamalemba m'fayilo imodzi nthawi imodzi silonjeza kuti zikhala bwino. Tinagwirizana kuti pulojekiti imodzi ya kanema izikhala m'manja mwa munthu mmodzi pa nthawi, ndipo kaundula wa darktable, amene amasungidwa ndi kapulogalamu kotchedwa SQLite, amakhala pa kompyuta ya aliyense payekha, pakuti ngakhale opanga SQLite amachenjeza za kuiika pa mafoda a pa netiweki. Kawiri konse taonapo uthenga wonena kuti file handle, chizindikiro chimene kompyuta imadziwira fayilo ya pa seva, yatha ntchito, umene umabwera pamene fayilo kapena foda imene kompyuta yako ikuigwirabe yafufutidwa ndi wina, ndipo kutuluka mu fodayo n'kulowanso kunathetsa vutolo.

Kompyuta yathu yachinayi, ya polandirira alendo, ili pa Windows, ndipo imeneyi sinalowe m'dongosolo la NFS. Windows imagawana mafayilo pogwiritsa ntchito njira yake yotchedwa SMB, choncho mmisiri anaika Samba pa seva yomweyo, pulogalamu imene Andrew Tridgell anaiyamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mosiyana ndi nfsd, Samba imayenda kunja kwa kernel ngati pulogalamu wamba, ngakhale kuti kuyambira pa Linux 5.15 ya mu 2021 mulinso seva ya SMB ya mkati mwa kernel yotchedwa ksmbd, imene ife sitinaiyese. Samba imafunsa dzina ndi mawu achinsinsi, ndipo pa mbali imeneyi ndimaikonda kuposa NFS yathu. Chifukwa maloko a njira ziwirizi samvana nthawi zonse, kompyuta ya Windows tinangoipatsa chilolezo chowerenga mu foda ya makanema omalizidwa, ndipo imeneyo ndi ntchito yokhayo imene imafunika pamenepo, yoonetsa makasitomala ndi kuwakoperera. Amene makompyuta awo onse ali pa Windows asavutike ndi NFS, Samba yokha iwakwanira.

Za mmisiri mwiniwake ndinganene kuti ndi munthu wodziwa ntchito yake, wosunga nthawi, ndiponso woyankha foni ngakhale Loweruka madzulo, ndipo maulendo awiri amene anabwera kudzakonza zolakwa zake sanandilipiritse kanthu. Chofooka chake n'chakuti safotokoza pokhapokha utamufunsa, ndipo sanatisiyire cholembedwa chilichonse chonena mmene anakonzera zinthu, moti akanasamukira ku Lilongwe mwezi woyamba uja tikanasowa pogwira. Ndinachita kumukhazika pansi ndi kapu ya khofi kuti andilembere masamba awiri ofotokoza maadiresi a makompyuta, manambala a UID, ndi zoyenera kuchita seva ikakana kuyaka. Mapulogalamu onse ndi aulere, choncho ndalama zathu zinapita pa madiski, nthambo, switch, UPS ndi malipiro ake, ndipo pa zonsezi chodula kwambiri chinali madiski.

Chinthu chomaliza chimene anandichenjeza popanda kufunsidwa, ndipo ndimuyamikire pamenepo, n'chakuti madiski awiri okoperana aja amateteza pokhapokha diski imodzi ikafa. Munthu akafufuta foda molakwitsa kuchokera pa kompyuta yake, kernel imatumiza pempho lofufuta mokhulupirika monga momwe imatumizira lina lililonse, ndipo fodayo imachoka pa madiski onse awiri nthawi imodzi. Chiphaliwali nacho sichisankha diski. Pachifukwa chimenechi Lachisanu lililonse ndimalumikiza diski ya m'manja ku seva, ndimayendetsa rsync kuti ikopere zimene zasintha m'sabatayo, ndipo ikamaliza ndimaiika m'chikwama n'kupita nayo kunyumba ku Luwinga. Diski imeneyo yatsala pang'ono kudzaza, ndipo maukwati amene alembetsa kale a mwezi wa Seputembala sakwanamo.